Mzere wa Mkaka ku Nathenje ndi Mabaiti Asanu ndi Atatu

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yanga inali yotani kwenikweni, popeza chimene munkaona n'chakuti mayi anu achoka m'mawa ndi chikwama, abwera madzulo maso atafiira. Tsopano ndinapuma, ndipo nkhuku zanga kuno ku Mitundu sizifuna lipoti, choncho nthawi yolemba ilipo. Mutu uno ndi wa ntchito imodzi imene ndimaikumbuka kuposa zonse. Koma kuti imveke, ndiyambire kumene ndinaphunzira kuyeza malo.

Lilongwe, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa manambala mu ofesi ina ya boma. Tinalipo atsikana angapo m'chipinda chozizira kwambiri, ndipo kuzizirako sikunali kwa ife ayi, kunali kwa kompyuta, chimakina chachikulu ngati makabati atatu ogundizana. Mkulu wa chipindacho anali a Msiska, bambo wamtali wochokera kumpoto, wosaseka wamba, woyenda ndi pensulo kukhutu. Iwo anaona kuti ndikamaliza kutaipa ndimatola mapepala a mapulogalamu otayidwa m'dengu n'kumawawerenga. Sanandikalipire. Anangoyamba kundisiyira mapepala abwinopo pa desiki, kenako anandipatsa mpando pafupi ndi wawo.

A Msiska ndi amene anandionetsa kuti pulogalamu si chinthu chimodzi. Ndi tizigawo tambirimbiri, timene pa ntchito tinkatitchula kuti mafankishoni, kalikonse ndi ntchito yake, ndipo timaitanana. Kosindikiza lisiti kamaitana kofufuza dzina, kofufuza dzina kamaitana koyerekeza zilembo, mpaka ntchito itatha. Pulogalamu ikamachedwa, aliyense mu ofesi amakhala ndi kachigawo kamene akukaganizira, ndipo kawirikawiri kamakhala kolembedwa ndi munthu amene sagwirizana naye. A Msiska zongoganiza sankazilola. Ankalowetsa kapulogalamu kena m'kati mwa yochedwayo, kamene tinkakatcha kalondolondo, kongokhalira kulemba kuti uyu waitana uyu, ndipo wamuitana kangati. Ntchito ikatha, umawerenga tebulo la kalondolondo n'kuona pamene makina athera mphamvu.

Vuto lake n'lakuti kalondolondo nayenso amafuna pokhala. Makina amagwirira ntchito mu memore, malo amene amayezedwa m'mabaiti, ndipo baiti imodzi imakwana chilembo chimodzi. Tebulo la kalondolondo umayenera kulidulira malo makina asanayambe, chifukwa pakati pa ntchito sungalikuze. Ukalichepetsa limadzaza usanaone chimene ukufuna. Ukalikulitsa umaphangira malo a pulogalamu imene ukuyezayo. Tsiku lina ndinalemba kalondolondo wanga woyamba, wochenjera, woti tebulo likadzaza azifufuta mizere yakale n'kupitiriza. A Msiska anawerenga, anachotsa pensulo kukhutu, n'kukhwatcha tsamba lonse.

"Tebulo likadzaza, liime ndipo linene kuti ladzaza," anatero. "Apo ayi mudzabwera kwa ine ndi manambala abodza inu muli ndi nkhope yoona."

Masiku amenewo chilichonse chinali choperewera. Mapepala tinkasindikiza mbali zonse ziwiri, riboni ya inki ya chosindikizira tinkaigwiritsa ntchito mpaka zilembo kuoneka ngati mthunzi, ndipo nthawi yogwiritsa ntchito makina tinkachita kulimbirana ndi anthu a malipiro. Sindinkadandaula. Ndinatuluka m'chipinda chija ndili ndi chizolowezi chofunsa kaye kuti malo alipo ochuluka bwanji ndisanalembe mzere ngakhale umodzi.

Mitundu, zaka za m'ma 2000

Bambo anu atasamutsidwira ku sukulu ya kuno, tinamanga nyumba ino, ine n'kumakwera minibasi kupita m'tauni tsiku ndi tsiku. Makina akuluakulu aja anali atatha ntchito, ndipo m'maofesi munadzaza makompyuta a pa desiki okhala ndi memore yochuluka moti achinyamata sankaiwerengeranso. Ndinayamba kudziona ngati munthu wodziwa kusoka zigamba m'dziko la zovala zatsopano. Ndiye pamene bungwe lina la alimi a ng'ombe za mkaka linkafuna munthu wa makompyuta, ndinachoka m'boma n'kupita kumeneko. Ofesi inali ku Lilongwe, koma malo osonkhanitsira mkaka anali m'madera, ndipo aakulu mwa onse anali ku Nathenje. Wa makompyuta ndinali ndekha. Manejala wathu anali a Kamanga, munthu wamfupi, wachangu, wokonda alimi moona, koma wosapirira chinthu chochedwa.

M'zaka zanga zomaliza kumeneko, bungwe linagula timakina tating'ono, tofanana ndi njerwa, tolumikiza ku sikelo. Mlimi akafika, kalaliki ankayeza kaye ngati mkaka uli wabwino, kenako n'kutaipa dzina la mlimi, chigubu n'kukwera pa sikelo, kamakina n'kutulutsa lisiti. Zimene kalemba kankatumiza ku ofesi pa netiweki ya foni. Netiweki ikaduka, kankazisunga m'gawo lina la memore, limene tinkangolitchula kuti nkhokwe, kudikira kuti ibwere. Komiti ya alimi inali itatopa ndi mikangano ya nthawi ya makope, choncho inalamula kuti mkaka usalowe mu thanki yoziziritsira usanadutse pa kamakinako. Mbali ina ya pulogalamu inabwera ndi ogulitsa, a kunja, mbali ina ndinalemba ine. Nditatsegula n'kuona kuchepa kwa memore yake, ndinamva ngati ndakumana ndi mnzanga wa kalekale.

Nathenje, dzinja la mkaka wambiri

Chaka chimenecho mvula inabwera msanga, msipu unaphuka, mkaka n'kuchuluka, ndipo alimi atsopano analembetsa ambiri. Apa ndi pamene kamakina ka ku Nathenje kanayamba kuchedwa. Munthu ankaika chigubu pa sikelo, kamakina n'kungokhala duu, ngati kakuganiza za kwawo. Mzere unkafika mpaka ku msewu, njinga zitatsamira pa mpanda, dzuwa likukwera. Ochokera kutali, amene mkaka wawo unali utayenda kale pa njinga, ankafika kutsogolo mkaka utayamba kugwirana, ndipo unkakanidwa.

Kalaliki wa kumeneko anali Esinati, mayi wachitsikana wolera yekha ana awiri, wofatsa, wa manja achangu. Chimene chinamuika m'mavuto n'chakuti kamakinako sikankachedwa kwa aliyense. Anthu ochepa ankangofika n'kudutsa. Mmodzi mwa iwo anali a Zuze, bambo wachikulire amene ankafika woyamba tsiku lililonse, ndipo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi Esinati. Mawu anayamba kuyenda pa mzere akuti Esinati ali ndi batani lobisika la anthu ake. Nkhaniyo inafika ku komiti, ndipo ena ankafuna kuti achotsedwe. Esinati anandiimbira foni n'kundiuza kuti sakudziwa chimene amachita mosiyana, ndipo ngati chilipo ndimuuze asiye.

A Kamanga ankaganizira netiweki. Ogulitsa, titawafunsa, anati ndi sikelo yathu. Ine ndinkaganizira mbali yosindikiza lisiti, imene ndinalemba ndekha. Pozindikira kuti tonse tikungoganiza, ndinakhala pansi kulemba kalondolondo. Malo opanda ntchito mu memore anali makilobaiti ochepa chabe, ndipo ndinatengapo anayi a tebulo, omwe ndi mabaiti 4,096. Mzere uliwonse wa tebulolo unkasunga zinthu zinayi: keyala ya kachigawo koitana (ndiko kuti pamene kali mu memore), keyala ya koitanidwa, nambala ya maulendo, ndi cholozera ku mzere wotsatira. Chilichonse chinkadya mabaiti anayi, ndiye kuti mzere umodzi mabaiti khumi ndi asanu ndi limodzi, tebulo lonse mizere 256. Nditayesa mu ofesi, mizere inatsala yambiri, ndipo ndinanyamuka kupita ku Nathenje mtima uli m'malo.

Tebulo linadzaza a Zuze asanatsitse n'komwe chigubu pa njinga. Mu ofesi ndinkayesa popanda sikelo yeniyeni, popanda chosindikizira, netiweki ili bwino. Ku Nathenje kamakina kakangodzuka kankalimbana ndi zonsezi, n'kudutsa m'tinjira ta pulogalamu timene mu ofesi sikankapondamo. Kalondolondo anaima n'kulemba pa galasi la kamakina kuti wadzaza, monga ndinamulangizira. Tsiku lotsatira ndinamuyambitsa kamakina katadzuka kale. Anadzaza ali pakati pa lisiti la a Zuze, mmodzi mwa anthu ochepa aja amene kamakinako sikankawachedwetsa. Ndinabwerera ku ofesi ndi tebulo lodzaza bwinobwino koma losanena kanthu.

Masabata awiri

A Kamanga anamvetsera zonse ataimirira. Sanali munthu wa makompyuta, koma ankagwira nkhani msanga, ndipo anandifunsa kuti gawo lalikulu la memore lapita kuti. Ndinawauza kuti ku nkhokwe. Anafunsanso ngati nkhokweyo imadzaza, ndipo ndinavomera kuti masiku ambiri imakhala pafupifupi yopanda kanthu.

"Ndiye bwerekaniko theka, Mayi Chikuse. Mlungu umodzi wokha. Mawa tebulo lanu likhala lalikulu."

Zimene ananenazo zinali zotheka, ndipo ikanakhala ntchito ya masana amodzi. Koma ndinawafotokozera kuti nkhokwe inadulidwa kuti ikwane mkaka wa masiku angapo opanda netiweki, ndipo inadulidwa alimi ali ochepa. Nditaidula pakati m'nyengo ya mkaka wambiri, netiweki n'kuduka monga inkachitira nthawi ya mvula, kamakina kakanalandira mkaka popanda pokumbukira, ndipo anthu akanathira mkaka mu thanki dzina lawo osafika ku ofesi. Njira ina inali yochepetsa mzere wa tebulo osati nkhokwe, koma imeneyo inkafuna masabata awiri.

"Mukundiuza kuti mkaka uziwawasa lero poopa netiweki imene mwina siiduka?"

"Inde bwana, ndi zimene ndikunena."

A Kamanga akanatha kundilamula, ndipo sindikudziwa kuti ndikanatani. M'malo mwake anati alola, koma ine ndizikaima ndi alimi pa mzere ku Nathenje masiku ena m'mawa, kuti masabata awiriwo ndiwaone ndi maso anga. Sindinaone ngati chilango. Ndinaona kuti n'zoyenera.

Ntchito inali yotere. Keyala ya kachigawo imadya mabaiti anayi, koma tizigawo tonse m'pulogalamuyo tinalipo mazana ochepa. Nditapatsa kalikonse nambala yakeyake, nambalayo ikanakwana m'mabaiti awiri. Chipangizo cholembera mapulogalamu chimene ogulitsa anatipatsa sichinkachita zimenezi, choncho ndinayenera kudutsa pulogalamu yonse pamanja, kuika nambala pakhomo pa kachigawo kalikonse, n'kuyesa kuti sindinathyole kanthu. Kenako ndinaona kuti dzina la woitana silifunika kubwerezedwa pa mzere uliwonse. Ndinapanga katebulo kena kakang'ono, kachigawo kalikonse ndi kamalo kake kolozera ku mzere wake woyamba, mizere yakeyo n'kulumikizana ngati unyolo. Pa mzere panatsala zitatu: woitanidwa mabaiti awiri, cholozera mabaiti awiri, maulendo mabaiti anayi. Mabaiti asanu ndi atatu. Pa malo omwe aja panakwana mizere 512, ndipo katebulo kakang'ono kaja ndinakafinyira m'kamalo kamene kanatsala.

Kuti ndidziwe ngati mizereyo ikwana, ndinasindikiza pulogalamu yonse n'kuwerenga ndi pensulo malo onse amene kachigawo kamaitana kanzake. Analipo ochuluka kuposa mizere yanga, koma ambiri anali a zinthu zosachitika pa mzere wa mkaka, monga kulembetsa mlimi watsopano. Otsalawo ankakwana, koma mothina. Apa ndinayesedwa kudulanso mabaiti a maulendo kuti akhale awiri, mizere ichuluke. Ndinalemba n'kufufuta kangapo. Mabaiti awiri amawerenga mpaka 65,535, akapitirira amabwerera pa ziro osauza munthu. Ndinawasiya anayi.

Magetsi ankazimazima nyengo imeneyo, ndipo masiku ena ndinkagwirira ntchito pa tebulo lathu lodyera, bambo anu akuchonga makope mbali inayo. M'mawa wa masiku ena ndinkakwera minibasi ziwiri, ya m'tauni kenako ya ku Nathenje, kukaima pambali pa Esinati. Tinkatsegula msanga, tinakoka lona kuti zigubu zikhale pa mthunzi, ndipo zinathandiza pang'ono. Koma tsiku lina mayi wina, Mayi Phiri, wochokera kutsidya kwa dambo, anafika kutsogolo dzuwa litakwera, mkaka wake n'kukanidwa. Kanali kachitatu mlungu umenewo. Sanakuwe. Anatseka chigubu, anachimanga pa njinga, kenako anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndine amene ndikukonza makinawo. Ndinavomera.

"Chonde fulumirani, amayi. Ana anga atopa ndi chambiko."

Ndinkadziwa kuti ndikanamvera a Kamanga, mwina tsiku limenelo vuto likanakhala litapezeka kale. Mlungu wotsatira Mayi Phiri sanaonekenso. Tinamva kuti ayamba kugulitsa kwa mavenda a pa njinga, amene amagulira pakhomo. Ndikuuzeninso ichi, kuti mbiri ikhale yoona: m'masabata awiri onsewo netiweki sinaduke ngakhale tsiku limodzi. Nkhokwe imene ndinkaiteteza inakhala yopanda kanthu. Ndikabwerera lero ndingachitenso chimodzimodzi, chifukwa munthu sudziwa za netiweki ya mawa, koma sindinganene kuti sizinapweteke munthu.

Zimene tebulo linanena

Kalondolondo watsopano anayenda m'mawa wonse osadzaza. Anatsala ndi mizere yochepa, yoti ukanawerenga ndi zala. Nditabwerera ku ofesi ndi kamakinako ndinatulutsa tebulo, a Kamanga ataima kumbuyo kwanga. Netiweki inalibe mlandu, sikelo inalibe mlandu, ngakhalenso mbali yanga ya lisiti. Mzere umodzi wokha unali ndi nambala yaitali kuposa ina yonse, yopitirira kutali zimene mabaiti awiri akanasunga. Kachigawo kofufuza dzina kanaitana koyerekeza zilembo maulendo osaneneka. Ndikanadula mabaiti aja, nambalayo ikanazungulira n'kuoneka yaing'ono ngati zinzake.

Nditatsegula kachigawo kofufuzako, kamene kanabwera ndi ogulitsa, ndinaona nzeru yake. Kuti kasamafufuze kaundula yense, kankaika mayina m'timabokosi potengera zilembo ziwiri zoyamba za dzina la bambo, n'kumangofufuza m'kabokosi kamodzi. Kwawo kwa olembawo, kumene mayina amamwazikana, imeneyo ndi njira yabwino. Nanenso poyesa mu ofesi ndinkagwiritsa ntchito mayina ongopeka, osiyanasiyana. Koma ku Nathenje kabokosi ka a Banda ndi ka a Phiri tinali todzaza mpaka kusefukira, ka a Mbewe n'kumatsatira. Pa chilembo chilichonse chimene Esinati ankataipa, kamakina kankayambiranso kabokosi konse, dzina ndi dzina, ndipo posindikiza kankabwerezanso. A Zuze m'kabokosi kawo anali okha.

A Kamanga anakhala pansi n'kuseka mpaka kupukuta maso. Atamaliza anati nkhani yoonekeratu chonchi tinaiphonya bwanji tonse. Ndinawayankha kuti pamene ambiri pa mzere ndi a Banda ndi a Phiri, chimene munthu amaona ndi makina ochedwa ndi anthu ochepa amwayi. Kukonza kwake kunatenga masana amodzi. Ndinasintha kuti mayina azigawidwa potengera dzina lonse pamodzi ndi mudzi, ndipo kufufuza kuziyamba kalaliki akamaliza kutaipa. Kalondolondo ndinamuchotsamo, ntchito yake inali itatha.

M'mawa mwake ndinapita ku Nathenje ndi kamakinako m'chikwama, a Kamanga n'kundiperekeza pa galimoto ya bungwe. Chitseko chisanatsegulidwe, a Kamanga anaimirira pa khonde n'kufotokozera alimi zimene zinapezeka, ndipo ananena dzina la Esinati poyera, kuti analibe batani lililonse ndipo amene anamunena akamupepese. Wapampando wa komiti, amene nawonso anali a Banda, anavula chipewa n'kunena kuti ndiye kuti mlandu ndi wa makolo awo amene anaberekana kwambiri. Anthu anaseka. Esinati sanaseke nawo. Anangoyatsa kamakina n'kuitana munthu woyamba, koma ndinaona kuti mapewa ake atsika.

Mzere unatha dzuwa lisanafike pa lona. Palibe mkaka umene unakanidwa. Ndinkayembekeza kuti anthu akwera njinga zawo n'kumapita, koma ambiri sanachoke. Kwa miyezi yonseyo anali atazolowera kukambirana pa mzere za mitengo ya deya, za ng'ombe yodwala, za maliro a ku Malingunde, ndipo tsopano anapezeka atamaliza nkhani zisanayambe. Anakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa thanki, zigubu zopanda kanthu zili pambali, n'kupitiriza. Esinati anatsuka sikelo, anayang'ana ku msewu ngati kukubwera wina, ndipo poona kuti kulibe, anakoleza mbaula n'kutereka tiyi. Anandipatsa kapu yoyamba, ya mkaka wambiri, n'kukhala pa benchi pambali panga. Anandiuza kuti chiyambireni mvula, aka kanali koyamba kukhala pansi m'mawa.